Sikirini yofiira yakutsekerani tsamba lomwe mumalidalira? Mafunso ndi mayankho

Ndimakonza mafoni ndi malaputopu pa kashopu kena m'tauni muno mu Joni (Johannesburg), kamtunda pang'ono kuchoka pa Park Station. Sabata siitha osabwera Mmalawi mnzanga atanyamula foni, sikirini ili psuu, n'kunena kuti: "Achimwene, tandichotserani chinthuchi, tsamba limeneli ndimalowapo tsiku ndi tsiku." Ena amachita kuchokera ku Diepsloot kapena ku Tembisa, kukwera mataxi awiri, pa vuto loti akanalithetsa atakhala pakhomo pawo. N'chifukwa chake ndalemba pano mafunso amene ndimafunsidwa kawirikawiri. Mawu a pa sikirini ndawasiya m'Chingerezi mmene alili, kuti mukamafufuza pa foni yanu muwapeze msanga.

Amene akunditsekera njirayu ndani? A netiweki, boma, kapena foni yafa?

Palibe mwa atatuwa. Ndi browser yanu, pulogalamu imene mumatsegulira masamba a pa intaneti ija. Chrome, Firefox ndi Safari zimadalira mndandanda wa Google wotchedwa Safe Browsing, umene unayamba mu 2005, ndipo eni ake amati ukuteteza zipangizo zoposa 5 biliyoni. Edge ili ndi wakewake wa Microsoft, dzina lake SmartScreen. Mukadina linki, browser imayamba yaona ngati adiresiyo ili pa mndandanda wa masamba oba mapasiwedi kapena ogawa mavairasi. Ikaipezapo, imakuimitsani pakhomo.

Kale Chrome inkasunga mndandandawu m'foni momwemo n'kumautsitsa watsopano pakapita mphindi 30 mpaka 60. Mu March 2024 a Google anasintha kuti izifunsa nthawi yomweyo, ati chifukwa masamba ambiri a akathyali sakhalitsa, amatsegulidwa n'kutsekedwa mphindi 10 zisanathe.

Machenjezo onsewa si amodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera. Munthu akaona mawu a Chingerezi ndi kachizindikiro kofiira amangoti "vairasi", osawerenga. Werengani kaye mzere woyamba, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Pali chenjezo la sikirini yonse yofiira, lolembedwa "Dangerous site", "Deceptive site ahead" kapena "The site ahead contains malware". Limeneli likutanthauza kuti tsambalo lili pa mndandanda ndanena uja. Wina analipeza ndi kanthu.

Pali lina la sikirini yoyera kapena yakuda, lolembedwa "Your connection is not private", m'munsi mwake muli timawu toyamba ndi NET::ERR_CERT. Pa Firefox limati "Warning: Potential Security Risk Ahead". Ili silikunena za vairasi. Tsamba lililonse limene adiresi yake imayamba ndi https lili ndi satifiketi, ngati chiphaso chotsimikiza kuti ndi lenileni, ndipo browser ikungoti chiphasocho sichikuwerengeka bwino. Mwina chatha masiku, mwina chili ndi dzina la tsamba lina, mwinanso vuto lili m'foni mwanu momwemo. Mwa anthu obwera pa shopu panga kudzadandaula kuti tsamba lodalirika latsekedwa, ochuluka amakhala ndi chenjezo lachiwirili, ndipo kuzimitsa Safe Browsing sikulichotsa ngakhale pang'ono.

Lachitatu ndi timawu takuti "Not secure" pafupi ndi adiresi. Chrome inayamba kulemba zimenezi mu July 2018 pa tsamba lililonse la http wamba. Kuwerenga nkhani pamenepo palibe vuto, koma nambala ya khadi musalembepo.

Masamba onse akukana, ngakhale Google yeniyeniyo. Ndatani?

Yang'anani deti. Ndikunenetsa, musanaimbire munthu aliyense, yang'anani deti ndi nthawi pa chipangizo chanu.

Nthawi ija magetsi ankathima mosinthanasinthana tsiku lililonse, bambo ena a ku Turffontein anabwera atanyamula kompyuta yonse ya pa tebulo m'chikwama cha shangazi, thukuta lili kamukamu. Mwana wawo amafuna kuona zotsatira za mayeso, koma tsamba lililonse limakana. Wina anali atawauza kale kuti pafunika kufufuta zonse n'kuika Windows yatsopano. Nditayatsa, pakona pa sikirini panalembedwa chaka cha 2009. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nambala yake CR2032, kamene kamasunga nthawi magetsi akazima. Kawoko kanali katafa, ndiye magetsi akathima kompyuta inkabwerera chaka chimene inapangidwa. Kwa kompyuta imene ikuganiza kuti tili mu 2009, satifiketi ya chaka chino ndi yabodza, chifukwa tsiku lake loyambira silinafike. Tinasintha kabatireko, tinakonza deti, masamba onse anatseguka. Ndinachita manyazi kuwalipiritsa zambiri.

Mukaona ERR_CERT_DATE_INVALID kapena "Your clock is behind", pitani ku Settings, mupeze Date and time, muyatse kuti nthawi izidzikonza yokha. Pa Samsung zili pansi pa General management, pa Windows zili pa Time & language. Mwayi wathu ndi wakuti nthawi ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzimodzi, choncho foni yochokera ku Limbe sifunika kusintha kalikonse ikafika Joni.

Deti ikakhala kuti ili bwino ndipo likukana ndi tsamba limodzi lokha, ndiye kuti eni tsambalo aiwala kukonzanso satifiketi yawo. Zambiri za masiku ano, monga zaulere zoperekedwa ndi bungwe la Let's Encrypt, zakhala zikuperekedwa za masiku 90 okha. Zikatero dikirani tsiku limodzi kapena awiri, kapena auzeni eni akewo.

Pa WiFi yaulere ya ku mall zimachitika, koma pa data yanga ayi. Bwanji?

WiFi ya m'malo ngati amenewo imafuna muyambe mwavomera malamulo awo pa katsamba kawo kolowera. Inu mwapempha tsamba lina, iwo akukupatsani lawo, ndiye browser ikuona kuti dzina ndi satifiketi sizikugwirizana. Tsitsani zidziwitso za pamwamba pa foni, mudine pamene alemba "Sign in to network", mumalize zimenezo kaye. Zofananazo zimachitikanso nthawi zina bandulo ikatha, netiweki ikamakukokerani ku tsamba lake logulira ina.

Ngati mwalowa kale bwinobwino koma chenjezo likubwerabe pa tsamba la banki, chokanipo pa WiFi imeneyo. Za ndalama muchitire pa data yanu.

Foni yanga ndi yakale koma imagwira bwino. Kodi ukalamba ungachititse zimenezi?

Ungathe. Foni iliyonse imabwera ndi mndandanda wa mabungwe amene imakhulupirira siginecha yawo pa masatifiketi. Mafoni a Android yakale kuposa 7.1.1, imene inatuluka kumapeto kwa 2016, sadziwa siginecha ya Let's Encrypt, ndipo njira yapadera imene inkawathandiza inatha mu 2024. Masamba ambiri abwinobwino amakana pa mafoni oterowo. Onani pa Settings, About phone. Firefox imayenda ndi mndandanda wakewake, choncho ngati foniyo ikulolabe kuikamo Firefox, yesani. Ikakana, foniyo isiyireni nyimbo ndi kuimba basi.

Koma tsambali ndi la mpingo wathu, eni ake ndimawadziwa. Lingakhale loopsa bwanji?

Funso ili ndi limene limandipatsa ntchito yaikulu, chifukwa wofunsayo amakhala akunena zoona. Abusa ndi anthu abwino, mlembi wa bungwe la maliro ndi munthu wokhulupirika, mwini kasitolo kotumiza katundu kumudzi mwina ndi mlamu wanu. Koma chenjezo silikunena za khalidwe la eni tsamba. Likunena za zimene zili pa tsambalo lero.

Masamba ang'onoang'ono ambiri amamangidwa ndi pulogalamu yomangira masamba yotchedwa WordPress. Mnyamata wina wodziwa makompyuta amalimanga, amalandira yake, kenako n'kupeza ntchito ku Cape Town kapena kubwerera kumudzi. Pamatha zaka ziwiri popanda wokonzanso mapulogalamu ake, pasiwedi ikadali dzina la mpingo ndi chaka. Akathyali sachita kusankha tsamba ndi maso, ali ndi mapulogalamu oyendayenda pa intaneti usiku ndi usana kuyesa zitseko. Akapeza chosakhoma amalowa, n'kubisamo katsamba kofanana ndi ka banki, kapena kachinthu kotumiza alendo kwina. Kunja chithunzi cha kwaya chili pomwepo, ndandanda ya mapemphero ili pomwepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amachenjera mpaka kukonza kuti mwini tsamba akalowa pa kompyuta yake aziona zonse zili bwino, koma mlendo wobwera pa foni kudzera pa Google ndiye azitumizidwa kwina. N'chifukwa chake mukawauza eni ake amakuyankhani kuti "kuno likutseguka bwinobwino".

Ineyo zinandionekerapo. Pali tsamba lina limene ndinkatengako mafailo okonzera mafoni kwa zaka zingapo. Tsiku lina linafiira. Kasitomala anali ataima pa kauntala akuthamangira basi, ine n'kuti aa, anthu awa ndimawadziwa, ndinalumpha chenjezo n'kutsitsa failo. Madzulo ake laputopu inayamba kutentha ngati mbaula, fani ikulira osapuma, ndipo m'mawa mwake imelo yanga inali itatumiza malinki kwa anthu onse a m'buku langa, kuphatikizapo apongozi. Ndinataya masiku awiri ndikufufuta ndi kusintha mapasiwedi. Wokonza mafoni ameneyo.

Ndiye kuti Google salakwitsa?

Amalakwitsa. Pa 31 January 2009, wogwira ntchito wina analowetsa kachizindikiro ka / pa mndandanda, ndipo kwa mphindi pafupifupi 40 tsamba lililonse pa zotsatira za Google linalembedwa kuti lingawononge kompyuta, ngakhale masamba a Google omwe. Masiku anonso zimachitika kuti tsamba losalakwa ligwidwe chifukwa cha malonda oipa amene kampani ina yaikapo, kapena chifukwa tsamba lake lolowera likufanana ndi la kampani yotchuka.

Mungathe kufufuza musanalowe. Lembani pa Google kuti Safe Browsing site status, mutsegule tsamba la Google Transparency Report, muikemo adiresi ija. Likuuzani ngati apezapo zoipa ndi mtundu wake. Kenako yesani pa VirusTotal, imene imafunsa makampani ambirimbiri a chitetezo nthawi imodzi. Ikadandaula kampani imodzi yokha, mwina ndi kulakwitsa. Zikadandaula zisanu ndi zitatu, musatsutsane nazo. Mukatsimikiza kuti alakwitsa, pansi pa Details pa sikirini yofiira ija pamakhala linki yowauzira, ndipo salipiritsa.

Muonenso adiresi chilembo ndi chilembo. Masamba a boma la kuno amathera ndi gov.za, a boma la kwathu gov.mw. Adiresi yokhala ndi dzina la banki yanu koyambirira koma kumapeto kwake kuli zachilendo si ya banki yanu, ngakhale mitundu ndi chizindikiro zifanane bwanji.

Ndafufuza, ndikufuna kulowabe pa tsamba limodzi lokhali. Nditani?

Apa sipafunika kuzimitsa chilichonse. Pa Chrome dinani Details, muwerenge mpaka pansi, mupeza mawu akuti "this unsafe site" amene mungadine. Pa Firefox ndi See details kenako "ignore the risk". Pa Edge ndi More information, pa Safari ndi Show Details. Pa chenjezo la satifiketi lija batani lake ndi Advanced kenako Proceed. Mwatsegula khomo limodzi, ena onse mlonda akadalipo.

Mukalowa, khalani ngati mlendo pa nyumba imene mwauzidwa kuti muli galu wolusa. Werengani chimene mumafuna, kaya ndi nthawi ya mapemphero kaya nambala ya foni, n'kutuluka. Pasiwedi, nambala ya pasipoti, nambala ya khadi, osalemba. Kukabwera failo yoti mutsitse, makamaka yothera ndi .apk kapena .exe, kanani.

Nthawi zina Proceed sapezeka n'komwe. Masamba ena, makamaka a mabanki ndi makampani akuluakulu, anauziratu browser kuti satifiketi ikavuta isalole munthu kudutsa. Dzina la lamulo limenelo ndi HSTS. Musavutike kufunafuna njira yozembera, bwererani ku deti ndi WiFi zija.

Zonsezo ndamva, koma foni ndi yanga. Ndiuzeni pozimitsira.

Chabwino, si chinsinsi. Pa Chrome ya pa foni, dinani timadontho titatu, Settings, Privacy and security, Safe Browsing. Pa kompyuta mukafika pa Privacy and security mudine Security. Mupeza zosankha zitatu: Enhanced protection, Standard protection ndi No protection. Yomalizayo ndiyo yozimitsa. Pa Firefox ya pa kompyuta pitani ku Settings, Privacy & Security, mutsike mpaka pa "Block dangerous and deceptive content", muchotse kachizindikiro. Pa Edge zili pa Privacy, search, and services, pa dzina la Microsoft Defender SmartScreen. Pa iPhone lowani mu Settings, mupeze Safari, muona "Fraudulent Website Warning".

Maganizo anga ndi akuti musatero. Chrome ilibe malo oti munthu wamba alembe kuti tsamba ili lokha lisamafufuzidwe, zimenezo zili ndi oyang'anira makompyuta a m'makampani. Ndiye mukasankha No protection mwazimitsira masamba onse, kuphatikizapo linki imene ifike mawa pa gulu la WhatsApp la anthu akumudzi kwanu yonena za ntchito za ku mahotela kapena mapepala a permit otuluka mwachangu. Ndipo palibe amene amakumbukira kuyatsanso. Mafoni amene ndimalandira ataberedwa maakaunti, ndikatsegula Settings, kawirikawiri ndimapeza wina anazimitsa kalekale pofuna kuonera mpira waulere.

Ngati muli pa Enhanced ndipo mukuona kuti ikuchulutsa machenjezo, tsikirani pa Standard. Pamenepo ndi pokwanira kwa anthu ambiri.

Incognito (kutsegula masamba osasunga history), VPN (pulogalamu yobisa kumene mukulowera pa intaneti) kapena kufufuta history sizingathandize?

Pa sikirini yofiira, ayi. Mndandanda suli mu history yanu. Chimene nthawi zina chimathandiza pa chenjezo la satifiketi ndi kuzimitsa VPN yaulere imene munaika, kapena kuona antivirus ya pa laputopu, chifukwa zina zimalowerera pakati pa inu ndi tsamba. Chenjezo likakhala ndi dzina la antivirus osati la browser, kakonzereni mu antivirus momwemo, mumakhala malo olembamo masamba amene mukufuna izisiya.

Nanga ili likuti foni yanga ili ndi mavairasi 13, likuphethira ndi kunjenjemera?

Limenelo ndi bodza lenileni, ndipo ndi lokhalo limene ndingakuuzeni kuti lizimitseni lero lomwe. Chenjezo lenileni siliwerenga mavairasi, siliika wotchi yobwerera m'mbuyo, silikupatsani nambala yoti muimbe, silikuuzani kuti mutsitse pulogalamu yotsukira foni. Limangokuimitsani n'kukupatsani batani lobwerera.

Zabodzazi zimabwera chifukwa tsiku lina, pofuna kuonera filimu kapena kutsitsa nyimbo, munadina Allow pa kafunso kena osakawerenga. Pamenepo munapatsa tsambalo chilolezo chokutumizirani mauthenga. Tsegulani Chrome, Settings, Site settings, Notifications, muone mayina amene ali pamenepo. Lililonse losalidziwa lichotseni. Mayi ena a ku Yeoville ndinawapeza ndi masamba oposa 30 pamenepo, foni ikulira usiku wonse, iwo n'kumaganiza kuti wina akuwalodza kudzera pa foni. Mukamaliza, onaninso mapulogalamu amene ali m'foni, muchotse amene simukukumbukira kuti munawaika, makamaka otsukira ndi oziziritsa batire.

Ndinalumpha chenjezo n'kulemba pasiwedi. Ndachedwa?

Thamangani. Ngati ndi za banki, imbani nambala imene ili kuseri kwa khadi yanu, osati imene ili pa uthenga munalandira uja, muwauze atseke khadi. Ngati ndi akaunti yotumizira ndalama kumudzi, auzeni eni ake kudzera pa app yawo yeniyeni kapena ku ofesi yawo. Sinthani pasiwedi pogwiritsa ntchito foni ina, muyambe ndi ya imelo chifukwa ndi imene imatsegula zina zonse. Wina akaimba kuti ndi wa ku banki, mumuwerengere OTP, nambala yachinsinsi yogwira kamodzi imene yangofika pa foni yanu, dulani foni. Banki sipempha OTP kapena PIN. Ndipo netiweki ikangozimiririka pa foni yanu pamene anzanu ili bwino, pitani ku shopu ya netiweki tsiku lomwelo, mwina wina wasamutsa nambala yanu kuika pa SIM yake.

Tsamba lofiiralo ndi langa, makasitomala akuthawa. Ndiwauze azimitse?

Musawauze zimenezo, mukhala mukuwaika m'mavuto ndi dzina lanu. Lembetsani tsambalo pa Google Search Console, ndi yaulere, mutsegule gawo la Security issues. Akuonetsani mtundu wa vuto ndi zitsanzo za maadiresi okhudzidwa. Uzani kampani imene imasunga tsamba lanu, chotsani mafailo achilendo kapena bwezeretsani kope lakale loyera, konzaninso WordPress ndi timapulogalamu take tonse, sinthani mapasiwedi onse, muonenso ngati palibe wolowa wachilendo amene wadziika kukhala woyang'anira. Mukatero dinani Request review n'kufotokoza zimene mwachita. Za kuba mapasiwedi amaziona pafupifupi tsiku limodzi, za mavairasi masiku angapo.

Musapemphe musanatsuke. Ndiponso kuchokera mu 2016, tsamba limene likuoneka kuti limayera pofuna kuchotsa chenjezo kenako n'kubwereranso ku zoipa limalembedwa kuti ndi lobwerezabwereza, ndipo limakhala masiku 30 osaloledwa kupemphanso. Pamene mukudikira, ikani uthenga pa Facebook kapena pa WhatsApp status kuti tsamba likukonzedwa, anthu aziimba foni.

Ndikutumiza foni kwa amayi kumudzi. Ndiikonze bwanji isanakwere basi?

Mukhale nayo usiku umodzi musanaipereke kwa wonyamula katundu. Ikani pa WiFi, mulole Chrome ndi mapulogalamu onse adzikonze kudzera pa Play Store, chifukwa kumudzi bandulo yochitira zimenezi palibe amene angaigule. Yatsani deti yodzikonza yokha. Safe Browsing muisiye pa Standard kapena Enhanced, Play Protect, mlonda wa mapulogalamu wa mu Play Store, ikhale yoyatsa, ndipo pa Notifications za Chrome muzimitse kuti masamba asamapemphe n'komwe chilolezo. WhatsApp muike yeniyeni ya pa Play Store, osati zija zosinthidwa zimene anyamata amagawana, chifukwa zimatsekeretsa nambala.

Kenako jambulani chithunzi cha sikirini yofiira pa foni yanu, muwatumizire ndi uthenga wa mawu: "Amayi, mukaona chofiira chotere musadine kalikonse, ingondiflashani, ndikuimbirani." Muuzenso mdzukulu amene azidzaigwira foniyo madzulo, chifukwa ndi iyeyo amene amadziwa kumene kuli Settings.